Kadamsana wa dzuwa m'mbali mwa nyanja: zolemba za ulendo wa Salima ndi Nkhotakota

Lolemba, 29 Ogasiti 2016, Salima

Lachinayi likubwerali, pa 1 Sepitembala, mwezi udutsa pakati pa dziko ndi dzuwa. Anthu okhala m'kanjira ka makilomita pafupifupi 100 m'lifupi, kochokera ku Gabon kudzera ku Congo, kumwera kwa Tanzania, kumpoto kwa Mozambique mpaka ku Madagascar, adzaona dzuwa litangotsala mkombero wowala, pakati pali bii, kwa mphindi pafupifupi 3. Kuno kwathu kanjirako katilambalala, koma sikadutsa patali. Ku Nkhotakota mwezi uphimba kuposa magawo atatu mwa magawo anayi a dzuwa. Ziyamba 9 koloko itangopitirira, zifika pachimake cha m'ma 11, ndipo zitha 1 koloko isanakwane.

Sukulu zili pa holide, ndiye ntchito yathu yophunzitsa anthu kuonera kadamsanayu mosapweteka maso siidalira makalasi. Tikudzera kwa mafumu, m'mipingo, m'mizikiti ndi m'matimu a mpira a achinyamata, kuti banja lililonse lidzaonere lili pamodzi, kuyambira agogo mpaka kamwana kongoyamba kuyenda. Pa tsiku lotere makolo ena amatsekera ana m'nyumba, ndipo anawo amamanidwa chinthu chimene mwina adzachionenso atakula. Ena amatuluka n'kumayang'ana kumwamba atatsinzina diso limodzi, ndipo amenewa ndi amene amapweteka. Zonse ziwiri n'zopeweka, chifukwa njira yabwino yoonera kadamsana ndi yofulatira dzuwa, ndipo zipangizo zake zili kale pakhomo.

Kuchokera ku Lilongwe pa msewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100. Mukangoyamba kutsika zitunda kulowera kuchigwa, mlengalenga mukuoneka mbuu ndi fumbi komanso utsi wa lupsa, monga zimakhalira chilimwe chikamayamba. Utsiwu usakunyengeni. Umachititsa kuti dzuwa lisathobwe kwambiri, koma sutchinga kuwala kumene kumaononga maso.

Masana onse athera ku Kamuzu Road kusonkhanitsa katundu wopangira zoonera kadamsana. Pa gulu la mabanja 10 pamafunika makatoni 10 a sopo kapena a mafuta ophikira, amene eni magolosale ambiri amapereka mosavuta, selotepi yaikulu yabulauni ziwiri, mapepala oyera 30, singano zosokera zitatu, malezala, magalasi odziyang'anira ang'onoang'ono awiri, chingwe cha mamita 20, mapensulo, ndi zitini zopanda kanthu za zakumwa zoziziritsa kukhosi. Chitini chimodzi chimatulutsa tizidutswa 6 ta masentimita 4 mbali zonse, ndipo m'tizidutswa timeneti ndi mmene mubowoledwe kabowo kolowera kuwala. Pepala lonyezimira la aluminiyamu limagwiranso ntchito ngati lilipo, koma limang'ambika msanga m'manja mwa ana.

Tinaimanso kwa owotcherera zitsulo, chifukwa anthu ambiri adzathamangira kumeneko kukabwereka galasi lakuda. Galasi lowotcherera lili ndi nambala yosindikizidwa m'mphepete. Loyenera kuyang'anira dzuwa ndi la nambala 14. Ambiri amene amagwiritsidwa ntchito powotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo ndi a nambala 10 kapena 11, ndipo amenewa sakwanira. Mmisiri wina anatulutsa lake m'chigoba, n'kulipukuta pa malaya, koma nambala inali itafufutika. "Nanga ndikaphatikiza awiri, achimwene?" Yankho ndi lakuti ayi: galasi limene nambala yake siikuwerengeka lisagwiritsidwe ntchito, kaya likhale limodzi kaya awiri. Zinanso zoletsedwa ndi magalasi a dzuwa ovala tsiku ndi tsiku ngakhale akhale akuda chotani, galasi lofukizidwa ndi mwaye wa koloboyi, filimu ya X-ray, CD, botolo labulauni, ndi kuonera dzuwa m'beseni la madzi. Zonsezi zimachepetsa kuthobwa kokha, ndiye munthu amayang'ana nthawi yaitali osaphethira, ndipo pamenepo m'pamene diso limapsa.

Lachiwiri, 30 Ogasiti, Senga Bay

Pa gombe sipafunika kuyamba ndi mabuku. Asodzi a usipa amadziwa kale theka la nkhaniyi. Amakoka chilimira usiku ndi nyali, ndipo amadziwa kuti usipa umabwera bwino ku nyali mwezi ukakhala mumdima, pomwe mwezi ukawala nsomba zimamwazikana. Sabata ino ndi ya mdima. Funso loyambira ndi ili: mwezi ukasowa usiku wonse, umakhala uli kuti? Umakhala uli kumwamba masana, mbali imodzi ndi dzuwa, mbali yake yowala italoza kudzuwa, yamdima italoza kwa ife. N'chifukwa chake kadamsana wa dzuwa amachitika pokhapokha mwezi ukakhala mumdima, ndipo wa mwezi amachitika pokhapokha mwezi ukakhala wathunthu.

Bambo wina amene ankasoka ukonde pansi pa thandala anafunsa funso loyenera: ngati mwezi umapita mbali ya dzuwa pa masiku 29 ndi theka aliwonse, bwanji kadamsana sachitika mwezi ndi mwezi? Kuyankha ndi pakamwa pokha sikumveka, koma pamchenga zimaoneka. Tengani mpira wamiyendo, umene ndi wa masentimita pafupifupi 22 kudutsa pakati, ukhale dziko. Mwezi ukhale lalanje laling'ono la masentimita 6. Yesani mamita 6.6 ndi chingwe kuchokera pa mpira, ndipo mwana aime pamenepo atanyamula lalanje pa kamtengo kosongola. Anthu ambiri amadabwa ndi kutalikaku, chifukwa zithunzi za m'mabuku zimaika mwezi pafupi kwambiri ndi dziko. Mtunda weniweni ndi makilomita pafupifupi 384,000, ndipo maiko ngati lathuli 30 akhoza kundandalikidwa pakatipo. Pa muyeso womwewu dzuwa likanakhala chimpira cha mamita 24, chili pa mtunda wa makilomita 2.6.

Njira ya mwezi ndi yopendekeka ndi madigiri 5 poyerekeza ndi njira imene dziko limayenda pozungulira dzuwa. Madigiri 5 amamveka ochepa, koma pa mamita 6.6 amatanthauza kuti lalanje likhoza kukwera kapena kutsika ndi masentimita 58, pamene kuchokera pakati pa mpira kufika m'mphepete mwake ndi masentimita 11 okha. Mwana akakweza lalanje kufika pamenepo, chithunzithunzi chake chimadutsa pamwamba pa mpira n'kukagwa pamchenga. Akalitsitsa chimadutsa pansi. Miyezi yambiri zimatero. Kawiri pa chaka, motalikirana miyezi pafupifupi 6, mwezi umafika mbali ya dzuwa uli pamzere weniweni, ndipo mthunzi wake umagwa padziko.

Chionetserochi chimayenda bwino m'mawa kwambiri kapena madzulo, dzuwa lili m'munsi, kuti chithunzithunzi chiziyenda chopingasa. Masana chimangogwa pansi pa mapazi a wonyamula lalanje. Vuto lina ndi lakuti ana amafuna kuloza lalanje poyang'ana kudzuwa. Wonyamula azifulatira dzuwa n'kumayang'ana pa mpira, wina azimuuza kuti kweza, tsitsa.

Mukachita bwino muona chinthu china chofunika: pa mamita 6.6 kadontho ka mthunzi wakuda bii kamakhala kakang'ono kwambiri, mwina kosaoneka n'komwe, kozunguliridwa ndi mthunzi wotuwa waukulu. Umu ndi mmene zililidi. Dzuwa ndi lalikulu kuposa mwezi nthawi pafupifupi 400, komanso lili kutali kuposa mwezi nthawi pafupifupi 400, ndiye kumwamba ziwirizi zimaoneka zofanana kukula. Koma mwezi suyenda pa mtunda umodzi. Umayandikira kufika makilomita pafupifupi 363,000 ndi kutalikira kufika 405,000. Ukakhala pafupi umaphimba dzuwa lonse, ngati pa 21 Juni 2001 pamene Lusaka inachita mdima masana kwa mphindi zoposa 3, tsiku limene akuluakulu ambiri pa gombe pano akulikumbukira. Lachinayi udzakhala chapatali, ndiye ngakhale ku Rujewa ku Tanzania, kumene kanjira kakudutsa, mkombero wa dzuwa udzatsala ukuwala. Palibe malo alionse amene kudzakhale koyenera kuyang'ana ndi maso okha, ngakhale kwa kamphindi.

Lachitatu, 31 Ogasiti, Nkhotakota

Msewu wa M5 umachoka ku Salima kulowera kumpoto kudzera pa Khombedza ndi Benga, n'kuwoloka mlatho wa pa Chia, pamene ogulitsa chambo amakweza nsomba m'mwamba galimoto ikamachepetsa liwiro. Mpaka pa boma la Nkhotakota ndi makilomita opitirira pang'ono 100. M'minda ya m'mbali mwa msewu muli misangu yambiri, ndipo mtengo umenewu tiufuna mawa. Umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kuphuka chilimwe, ndiye pano, mitengo ina itayoyoka, iwo uli ndi masamba ang'onoang'ono amene amasiya timipata tambirimbiri.

Tisanagwire katoni tinayamba takhala pansi ndi a mfumu, a shehe, abusa ndi amayi a m'magulu a m'mudzi. Popanda iwowa uthenga sufika pakhomo. Mafunso anali omwe amafunsidwa kulikonse. Kodi mayi woyembekezera angatuluke? Angatuluke, ndipo mwana ali m'mimba sakhudzidwa. Kodi chakudya chophikidwa nthawi imeneyo n'chabwino? N'chabwino, madzi a pachitsime nawonso sasintha. Kadamsana sabweretsa kuwala kwachilendo. Ndi dzuwa lomwe lija la masiku onse, mwezi wangolitchinga mbali. Choopsa n'chakuti masiku ena palibe amene amaliyang'anitsitsa, pomwe mawa aliyense adzafuna kutero. Mkati mwa diso muli kagalasi kachibadwa kamene kamasonkhanitsa kuwala pa kansalu ka kumbuyo kwa diso kotchedwa retina. Kansalu kameneka sikamva ululu, ndiye munthu amapsa osadziwa, ndipo vuto limadzaonekera patapita maola angapo.

A shehe anakumbutsa kuti Asilamu ali ndi swala ya kadamsana, Salatul Kusuf, ya maraka (zigawo za pemphero) awiri, raka iliyonse yowerama kawiri, yopempheredwa pagulu kadamsana ali mkati. Popeza zitenga maola oposa atatu, nthawi ikwanira ya swala ndi yoonera yomwe. Tagwirizana kuti malo oonera akhale pabwalo la mpira pafupi ndi nyumba ina ya njerwa, ndipo uthenga upite kudzera mwa anyamata a mfumu madzulo ano.

Kapangidwe ka bokosi loonera kadamsana nkotere. Lumikizani makatoni awiri motsatizana, mutachotsa zitseko zapakati, kuti mukhale ndi bokosi lalitali mita imodzi. Kumapeto kumodzi dulani kawindo ka masentimita 2 mbali zonse, ndipo matanipo kachidutswa ka chitini. Bowolani pakati pa kachidutswako ndi singano, moizunguza pang'onopang'ono chitini chitagona pa thabwa, mpaka kabowo kakhale ka milimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Palani tizitsulo totsalira kumbuyo kwa kabowo ndi mwala wosalala. Kumapeto kwinako matani pepala loyera mkati. Kenaka dulani khomo loonera la masentimita 8 m'mbali mwa bokosi, pafupi ndi pepalalo. Ming'alu yonse itsekedwe ndi selotepi.

Pogwiritsa ntchito, fulatirani dzuwa, lozani mbali ya kabowo kudzuwa, ndipo sunthani bokosi mpaka chithunzithunzi chake pansi chikhale chaching'ono kwambiri. Pamenepo kadontho kowala kagwa pa pepala. Kadontho kameneko ndi chithunzi chenicheni cha dzuwa. Kukula kwake mumakupeza pogawa kutalika kwa bokosi ndi 109, ndiye bokosi la mita imodzi limapereka chithunzi cha mamilimita 9, ndipo la masentimita 30 limapereka cha mamilimita osakwana 3, chimene agogo sangachione. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Akaona kuti chithunzi chachepa amakulitsa kabowo, koma kabowo kakakulu kamangowonjezera kuwala n'kuchititsa chithunzi kukhala chosaoneka bwino m'mphepete. Chokulitsa chithunzi ndi kutalika kwa bokosi basi. Ena amabowola katoni yeniyeniyo, koma katoni ndi yokhuthala ndipo imasiya tiulusi m'kabowo, chithunzi n'kumaoneka chaubweya. Ngati pepala likuoneka lowala ponseponse, pali mng'alu umene ukulowetsa kuwala, kapena khomo loonera lakula. Lamulo lalikulu kwa ana ndi limodzi: diso limapita pa khomo la m'mbali, osati pa kabowo.

Bokosi limakwanira anthu awiri kapena atatu. La khamu ndi galasi lodziyang'anira. Liphimbeni ndi pepala lolimba limene mwabowola bowo la mamilimita 5 mpaka sentimita imodzi, kuti kagawo kakang'ono kokha kazinyezimira. Mwezi uno masana dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye khoma loyang'ana kumwera limakhala mumthunzi, ndipo limeneli ndi loyenera. Pachikanipo chinsalu choyera kapena mapepala. Galasi likhale padzuwa, mamita 10 kuchokera pa khoma, litazikidwa m'beseni la mchenga kapena pa chibuma cha dongo lofewa, chifukwa dzanja limanjenjemera. Pa mamita 10 chithunzi chimakhala cha masentimita 9, pa mamita 20 cha masentimita 18 koma chozilala, pokhapokha muchilowetse pa khomo la chipinda cha mdima. Ngati pakhoma pakuoneka maonekedwe a bowo lanu m'malo mwa chinthu chobulungira, ndiye kuti galasi layandikira kapena bowo lakula. Chithunzi chimasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake pa mphindi 2 zilizonse chifukwa dziko likuzungulira, ndiye pakhale munthu mmodzi wokonza galasi. Njira ya kuwala pakati pa galasi ndi khoma itchingidwe ndi chingwe mbali zonse, kuti mwana asaime pakati n'kuyang'ana m'galasi.

Lachinayi, 1 Sepitembala, Nkhotakota

Kunacha kopanda mitambo, kamphepo kakuchokera kunyanja. Pofika 8:30 mphasa zinali zitayalidwa pansi pa mitengo, zidebe za thobwa zili pamthunzi, amayi ena atabwera ndi chinangwa chophika ndi zitumbuwa. Madzi akumwa ndi mthunzi ndi zofunika kuziganizira msanga, chifukwa ana amene akhala padzuwa maola atatu amatopa kadamsana asanafike pachimake. Bwalo linagawidwa malo anayi, aliwonse ndi wamkulu wake: pa khoma la galasi, pa mabokosi, pa magalasi a kadamsana, ndi pa zoyezera.

Magalasi a kadamsana enieni amakhala ndi chizindikiro cha ISO 12312-2. Musanawapereke, ayang'aneni ngati alibe pokandika, pobowoka kapena pomatuka. Mukawavala simuyenera kuona chilichonse, kaya nyumba kaya munthu, kupatula dzuwa lokha. Ochepa amakwanira anthu ambiri akamasinthana pamzere. Dongosolo ndi ili: weramitsa mutu, vala, gwira ndi manja awiri, kweza mutu, yang'ana kwa masekondi ochepa, weramitsanso, kenaka vula. Ana aang'ono magalasiwa amawakulira ndipo kuwala kumalowa m'mbali, ndiye ndi bwino kuwamata pa chikatoni chachikulu chobowola, chophimba nkhope yonse. Amene amavala magalasi a maso avale a kadamsana pamwamba pake.

9 koloko itapitirira, chithunzi cha pakhoma chinayamba kubenthuka mbali imodzi. Mphindi zoyambirira ndi maso a ana okha amene amakuona kubenthukako. Aliyense wa iwo anali ndi pepala lokhala ndi mizere yozungulira 14, yojambulidwa pozunguliza chitsekero cha botolo, ndipo pa mphindi 15 zilizonse wolengeza nthawi ankaliza wezulo kuti adetse ndi pensulo gawo limene mwezi waphimba n'kulemba nthawi pansi pake. Ntchito imeneyi ndi imene imasunga maso a ana pa khoma m'malo mwa kumwamba. Chithunzi cha m'bokosi chimakhala chozondoka poyerekeza ndi chimene amagalasi akuona, ndiye ana awiri akayamba kutsutsana za mbali imene yabenthuka, onse akunena zoona.

Pa zoyezera panali sola ya mawati 10 yobwereka pakhomo lina, ndi mita yoyezera magetsi ya wokonza mafoni. Sola ichotsedwe kaye ku batire, igonekedwe pansi ndipo isasunthidwenso. Anthu ambiri amayeza mavoti (mphamvu yokankha magetsi), n'kukhumudwa poona kuti sakusintha kwenikweni. Chimene chimatsatira kuchuluka kwa kuwala ndi ma ampu (kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya). Waya wofiira wa mita alowe pa bowo lolembedwa 10A, ndipo nsonga zigunde mawaya a sola kwa masekondi ochepa. Sola ya mawati 10 padzuwa lamphamvu imapereka ma ampu pafupifupi 0.6, ndipo nambalayi imatsika molingana ndi gawo la dzuwa limene laphimbidwa. Choyezera kutentha chikhale cha mpweya, chopachikidwa pamthunzi mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, osati pakhoma lotentha, ndipo chiwerengedwe pa mphindi 10 zilizonse. Cha kuchipatala sichithandiza, chifukwa chinapangidwira kutentha kwa thupi kokha.

Cha m'ma 10:30 kuwala kunayamba kusintha. Sikunade, ndipo ndi bwino kuwauziratu anthu zimenezi kuti asaone ngati ananamizidwa. Diso limazolowera msanga, mboni imakula kuwala kukamachepa, ndiye ngakhale gawo lalikulu la dzuwa litaphimbidwa kumaonekabe kuti ndi masana. Chimene chinasintha ndi mtundu wa kuwalako, kotuwa ndi kofooka, ndipo kutentha kwa pakhungu kunachepa moti amene anakhala pamtetete anasiya kufunafuna mthunzi.

Pamenepa ndi pamene msangu unagwira ntchito yake. Timadontho ta kuwala ta pansi pa mtengo, timene masiku onse timakhala tobulungira, tonse tinasanduka ngati mwezi wongooneka kumene, mazanamazana, pa mchenga, pa mphasa, pa misana ya ana. Kampata kalikonse pakati pa masamba kamagwira ntchito yofanana ndi kabowo ka singano kaja. Kuyala chitenje choyera pansi kumathandiza kuti tioneke bwino. Gogo wina anatenga lichero lakale limene anabweretsera zitumbuwa, n'kulikweza chapamutu atafulatira dzuwa. Pa chinsalu panagwa mizere ya timiyezi, kampata kalikonse ka nsungwi kali ndi kake. "Bwera kuno iwe, taona dzuwa lili m'lichero langa," anaitana mdzukulu wake, ndipo posakhalitsa malichero, madengu ndi zipewa za mlaza zinali m'mwamba bwalo lonse. Lichero likhale mita imodzi kapena kuposa kuchokera pa chinsalu. Likayandikira mumangoona maonekedwe a timipata take. Sefa ya ufa siigwira, chifukwa mabowo ake ndi othithikana kwambiri moti zithunzi zimasakanikirana. Zala za manja awiri zopingasitsidwa zimagwira.

Nthawi ya pachimake, cha m'ma 11, ndi imene akuluakulu oyang'anira ayenera kukhala tcheru kwambiri. Dzuwa limakhala litachepa mphamvu yothobwa, ndipo anthu amayamba kukweza mitu. Kachigawo kotsalako ndi kowala mofanana ndi dzuwa la masiku onse. Oyang'anira asamaonere okha, aziyang'ana nkhope za ana. Achinyamata a mafoni nawonso amafuna kuloza kamera kumwamba, ndipo poloza amasuzumira m'mbali mwa foni. Chithunzi chotero chimangotuluka choyera mbee. Chithunzi chabwino ndi cha pakhoma kapena cha pansi pa mtengo, munthu ataima pambali. Wina akabwera ndi mabainokula, asaloledwe kuyang'anira dzuwa ngakhale atavala magalasi a kadamsana, chifukwa kuwala kosonkhanitsidwako kumabowola magalasiwo nthawi yomweyo.

Itakwana 11:30 mabanja ambiri anayamba kubwerera kukaphika, ndipo n'zoyembekezereka. Ana a mapepala ndi achinyamata a zoyezera ndi amene anatsala mpaka chithunzi cha pakhoma chinabwerera kukhala chathunthu, 1 koloko isanakwane.

Lachisanu, 2 Sepitembala, Nkhotakota

Ntchito ya m'mawa uno ndi kubwereza miyeso ya dzulo, pamalo omwewo, nthawi zomwezo, sola itagona chimodzimodzi. Popanda zimenezi manambala a dzulo sanena zambiri. Pakati pa 9 ndi 12 koloko dzuwa limakhala likukwera, ndiye kutentha ndi ma ampu zimakwera zokha tsiku lililonse, ndipo mphamvu ya kadamsana imaoneka poyerekeza masiku awiriwa. Jambulani mizere iwiri pa pepala limodzi, nthawi ili m'munsi. Mzere wa sola umatsika ndi kukwera pamodzi ndi kadamsana. Wa kutentha umachedwa, chifukwa nthaka imatenga nthawi kuti izizire ndipo mpweya umatsatira nthaka, moti malo otsikitsitsa amabwera pachimake patapita kale. Pafupi ndi nyanja kusinthaku kumakhala kochepa kusiyana ndi kumtunda, poti madzi ambiri sasintha kutentha msanga.

Ntchito yachiwiri ndi ya maso. Zizindikiro za kupsa zimayamba pakapita maola angapo mpaka tsiku limodzi kapena awiri: kadontho kakuda kapena kotuwa pakati pa chimene munthu akuyang'ana, kuona mwachimbuuzi, mizere yowongoka kuoneka yokhota, mitundu kuoneka yachilendo. Kuyesa n'kosavuta. Phimbani diso limodzi ndi chikhatho, yang'anani felemu ya chitseko kapena mzere wa malemba, kenaka sinthani diso. Mwana mumufunse modekha, chifukwa akaopa kukalipiridwa amabisa kuti anayang'ana. Amene ali ndi zizindikirozi apite kwa a za maso ku chipatala cha boma. Asathire m'diso mankhwala azitsamba, mkaka wa m'mawere kapena mankhwala ogula pa golosale, chifukwa chovulala chili kumbuyo kwa diso kumene zimenezi sizifika. Ambiri amayamba kuona bwino pakapita milungu kapena miyezi, koma ena kadonthoko kamakhalira.

Magalasi a kadamsana asungidwe m'envelopu, mkati mwa buku, pouma, kuti asakandike, ndipo tizidutswa ta chitini tobowola tichotsedwe pa makatoni chiswe chisanayambe ntchito yake. Zidzafunikanso posachedwa. Pa 16 Sepitembala mwezi wathunthu udutsa m'mphepete mwa mthunzi wa dziko, ndipo cha m'ma 9 koloko usiku mbali yake imodzi idzaoneka yozilala pang'ono. Umenewo ndi woonera ndi maso okha popanda vuto. Lamlungu pa 26 Febuluwale 2017 kudzakhala kadamsana wina wa mkombero, wodutsa ku Angola n'kukathera kumalire a Zambia ndi Congo dzuwa likulowa. Kuno tidzaona gawo chabe, madzulo dzuwa litatsala pang'ono kulowa, ndipo idzakhala nthawi ya mvula. Bwalo la dzulo silidzathandiza, chifukwa kumadzulo kwake kuli mitengo ndi zitunda. Padzafunika malo okwera kapena dambo lotseguka kumadzulo, ndipo galasi lidzaloze khoma loyang'ana kum'mawa, pakuti ndi limene limakhala mumthunzi madzulo. Pambuyo pake masiku oyenera kulemba ndi 25 Novembala 2030, pamene mdima wathunthu udzadutse ku Namibia, Botswana ndi South Africa ife n'kuona gawo m'mawa, ndi 21 Meyi 2031, pamene kanjira ka mkombero kadzadutse ku Zambia, kumpoto kwa Malawi ndi Tanzania.